Mphika Wabuluu wa Sawako

Ndinene poyambirira kuti ine sindikhululuka msanga. Azakhali anga a Masae, amene anandilera mayi atatisiya, amati ndinabadwa nditakunga chibakera. Ndiye musayembekezere kuti ndikuuzani zabwino za Sawako Nakazato.

Zinayamba mu Epulo, tsiku limene Kaname, chibwenzi changa, anapita nane kwawo ku Angyo kukandionetsa kwa amayi ake. Banja lawo, a kwa Oshida, akhala akulera mitengo ya momiji, ija masamba ake amafiira kuzizira kukamayandikira, m'miphika kuyambira pa agogo a agogo ake. Bambo ake anamwalira, ndipo nazale, makiyi a nyumba, ngakhale Kaname mwiniwakeyo, zonse zili m'manja mwa Mayi Oshida.

Anandilandira ndi ulemu wozizira. Tiyi anandipatsa, mafunso anandifunsa, koma maso awo anali pa zikhadabo zanga zopaka utoto. Titatha kumwa anatuluka, n'kubwera ndi kamtengo kofika m'bondo, kali m'kamphika kadothi kosapaka kanthu, koti munthu n'kukafumbata ndi manja awiri.

"Pakhomo pano tili ndi mwambo wathu," anatero. "Mkazi wofuna kulowa m'nyumba muno amayamba wasunga mtengo. Ine ndinasunga, apongozi anga anasunganso. Tengani uwu, Chizuru. Muusamale nyengo yonse yotentha, mu Novembala mudzabwere nawo masamba atafiira. Ukadzakhala wamoyo tidzakamba za ukwati. Ukafa, mudzandimvetsa."

"Ndamva, amayi."

"Kaname asaukhudze, ndipo asakuuzeni kanthu. Chimodzimodzi wa nazale aliyense wa ku Angyo kuno. Onse ndimawadziwa, ndipo sandibisira nkhani."

Kaname anandiperekeza kokwerera basi, ine nditakumbatira kamtengoko ngati khanda la eni.

"Usaope," anatero. "N'kolimba kuposa mmene kakuonekera."

"Malangizo ako ndi omwewo basi?"

"Andilumbiritsa pamaso pa chithunzi cha bambo, Chizuru."

"Ndiye ukundisiya ndekha ndi chitsamba?"

"Chitsamba?" Anaseka, n'kundichotsa tsitsi limene mphepo inandiphimba nalo kumaso. "Amayi akakumva ukutero, Novembalayo sitifikako n'komwe. Ine ndikukwatira iwe. Mtengo ndi mtengo chabe."

Mawu amenewo ndinapita nawo kunyumba kwanga ku Akabane, ndipo ndinawakhulupirira. Ndinali m'chikondi, mutu sunkagwira bwino.

* * *

Sawako ndi mwana wa a Nakazato, ogulitsa miphika pafupi ndi nazale ya a Oshida. Anakulira limodzi ndi Kaname, ndipo pakamwa pa anthu a ku Angyo awiriwa anakwatirana kalekale. Kaname yekha ndiye anali asanauzidwe. Tsiku loyamba kumuona, mtsikanayo anandimwetulira mano okhaokha, ndipo ndinadziwa kuti ndapeza mdani.

Kumapeto kwa Meyi anagogoda pachitseko changa ali wefuwefu, atanyamula chinthu chachikulu chokulunga m'nsalu.

"Achemwali, pepani ndabwera osakuuzani. Ndinaopa kuti mukana."

Anamasula nsaluyo. Unali mphika wabuluu, wonyezimira ngati wanyowa, waukulu ngati beseni lochapiramo. Ndisaname, unali wokongola. Anabweranso ndi thumba la dothi lakuda, lofewa bwino.

"Ndikudziwa kuti mwamva zambiri za ine," anatero, maso ali pansi. "N'zoona, Kaname ndinamufunapo. Koma mtima wa munthu saukakamiza. Ndabwera kuti tikhale pa ubale."

Anatuluka pakhonde n'kugwada pafupi ndi kamtengo kaja.

"Mayo ine, kakupanikizika. Taonani mizu yasuzumira kubowo. Mwana akamakula amamugulira nsapato zazikulupo, si choncho? Mukasamutsire umu kapeze popumira. Ndipo musakamane madzi. M'mawa ndi madzulo, tsiku lililonse. Momiji kuthengo amamera m'mbali mwa mitsinje."

"Koma amayi anati wa nazale asandiuze kanthu."

"Ife si a nazale, achemwali, ife ndi a miphika. Ndipo taonani, sindikukakhudza."

Zoonadi sanakakhudze. Anakhala pampando wanga, akumwa tiyi wanga, akundionerera ndikuzula mtengo wanga ndi manja angawa n'kuubzala pakati pa chimphika chija. Pochoka ndinamuperekeza mpaka pamsewu, ndikuwerama, ndikuthokoza. Pobwerera ndinkadzidzudzula kuti ndine mkazi wa mtima woipa, wodana ndi munthu wosalakwa. Kuwerama kumeneko sindikuiwala mpaka lero.

Madzulo ndinajambula mtengowo n'kutumizira Kaname pa foni. "Taona nyumba yatsopano ya mwana wathu. Mphatso ya Sawako. Kodi ndinkamudera chiyani munthuyu?"

Uthengawo anauwerenga nthawi yomweyo, koma yankho linabwera nditadya kale, nditatsuka ndi mbale zomwe.

"Ndaona."

* * *

Mvula ya mu Juni inayamba, ija yosadziwa kuleka, yomeretsa nkhungu m'nsapato. Ine osaphonya. M'mawa keni yodzaza, madzulo keni yodzaza. Posakhalitsa nsonga za masamba zinayamba kupsa, kenako masamba onse anayamba kulendewera ngati ndiwo zogona pamsika. Ndinati ndi ludzu, ndipo ndinawonjezera madzi.

Lamlungu lina Kaname anabwera. Ndinamuwotchera nsomba imene amaikonda, koma iye anangopitirira mpaka pakhonde n'kuima patsogolo pa mphika uja.

"Nena kanthu," ndinatero.

"Sindingathe."

"Usanene ndiye. Ungogwedeza mutu. Ndiwonjezere madzi?"

Anayang'ana kumbali, kumadenga a anthu.

"Kaname, mtengowu ukafa ukwati wathu wafa. Ukudziwa zimenezo?"

"Ndikudziwa."

"Nanga waimiranji pamenepo manja m'thumba ngati ukudikira sitima?"

"Pali anthu ena oti uwafunse, Chizuru. Dziko silinathere ku Angyo."

"Ndinafunsa kale. Sawako anandiuza zonse, ndipo ndikuchita zomwezo."

Ndinayamba kulira, ine amene sindilira pamaso pa anthu. Anandigwira paphewa, kenako anati akuyenera kubwerera kunazale. Nsomba ija ndinadya ndekha, yake ndi yanga yomwe, chifukwa cha mkwiyo.

Sabata yomweyo Sawako ananditumizira chithunzi. Anali m'khitchini ya Mayi Oshida, atavala epuloni ya pakhomopo, akuthira mchere mapulamu osungira chaka. Pansi pake analemba kuti, "Amayi akukupatsani moni. Mtengo uli bwanji? Osaiwala madzi."

Amayi. Amayi a ndani?

Chithunzicho ndinachipititsa kwa Kaname. "Ndikuona mtengwa wayamba kale ntchito kwanuko."

"Amabwera chaka chilichonse nthawi ya mapulamu. Usayambe."

"Sindinayambe ndine. Umuuze epuloniyo ikumukhala."

Sindinamulemberenso mpaka sabata inatha.

* * *

Azakhali ndinali nditawakwiyira kuyambira tsiku limene anandiuza kuti wokwatiwa kwa a nazale amakhala wantchito wosalandira malipiro. Koma nthambi yathunthu itauma mu Julayi, ndinameza manyazi n'kuwaimbira. Iwo si a nazale. Amakhala m'kanjira kopanikizika kuseri kwa siteshoni, komwe khomo lililonse lili ndi miphika ya maluwa mpaka munthu kusowa poponda, ndipo yawo ndi imene anthu amaima n'kumaijambula.

Anafika ndi ambulera ndi kathumba ka dothi la timiyala. Sanavule ngakhale chipewa. Analowetsa dzanja mumphika muja mpaka m'kasukusuku, kulitulutsa, kulinunkhiza, kenako kulibweretsa pamphuno panga. Linkanunkha ngati ngalande.

"Iwe, ndani amakuda chonchi?"

"Bwanji, azakhali?"

"Kamtengo ka mizu yongodzaza chikhato wakaponya m'chitsime. Mizu imamwa madzi a pomwe yafika. Nanga dothi lonse lotsalali alimwere ndani? Limangokhala chinyowere, mizu n'kumawola. Mizu ikawola masamba amafota ngati ali ndi ludzu, ndiye chitsiru chimathiranso madzi."

"Chitsirucho ndine."

"Ine sindinatchule dzina. Momiji amafuna mphika womuthina. Pomusamutsa umangowonjezera zala ziwiri, ndiponso masamba asanaphuke, osati mu Meyi. Madzi umayamba wafunsa dothi ndi chala. Likauma pamwamba umathira mpaka atulukire pansi, ukatero umasiya. Safunsa anadya phula, mwanawe."

"Ndinafunsa, azakhali. Mphikawu ndi malangizo ake ndinapatsidwa ndi Sawako, mwana wa ogulitsa miphika. Uja ankafuna Kaname."

Azakhali anaimika dzanja m'mwamba, matope akudontha.

"Wa ogulitsa miphika? Ndiye sanalakwitse ameneyo. Wakusankhira wopaka utoto, wosapuma, wa kabowo kamodzi, n'kukupatsa ndi dothi losunga madzi. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere."

Ndinakhala pansi pakhonde pomwepo, pamadzi. Ndinamuona Sawako m'maganizo, mwendo pamwamba pa unzake, akupemerera tiyi wanga. Sindinalire.

Tinauzula mtengowo. Mizu yambiri inali yakuda, yoterera, yongosupuka ukaigwira. Azakhali ankadula ndi sizasi yanga ya m'khitchini, akutukwana chapansipansi, mpaka panatsala yoyera yochepa. Kamphika kakale kaja ndinkasungiramo zopanira zovala. Tinakatsuka, tinabwezeramo mtengowo ndi dothi la timiyala, n'kuuika pamthunzi.

"Ukhala moyo?"

"Mwina. Usamaufunse tsiku lililonse, ungatope nawe."

Anasonkhanitsa mizu yowola ija panyuzipepala kuti akataye. Ndinawagwira mkono.

"Musataye."

"Ya chiyani? Ukufuna uphike?"

"Sawako anandipatsa mphatso, azakhali, ndipo ine sindinabweze. Munandilera bwino inu. Simunandiphunzitse kulandira mphatso n'kungokhala."

Azakhali anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndinkati chikondi chakupha ubongo. Ulipo ndithu, mwana wa achimwene."

* * *

Mizu ija ndinaiyanika mpaka inauma gwa. Ndinagula kabokosi ka matabwa oyera, kaja timaikamo mphatso za ulemu, ndi pepala lofewa ndi kachingwe kofiira. Ndinakamanga, kukamasula, kukamanganso, kufikira mfundo inakhala bwino. Sawako akandilembera kufunsa za mtengo, ndinkamuyankha kuti, "Ukusangalala, achemwali. Madzi sindiphonya." Ndinkawonjezera ndi kachithunzi ka mtima.

Mwezi usanathe, timasamba tatsopano tinatuluka pa nthambi ziwiri, tofiirira, tating'ono ngati zikhadabo za khanda. Ndinamuitana Kaname.

Atangoona mtengo uli m'kamphika kake kakale, anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi manja. Kenako anandikumbatira mwamphamvu mpaka nthiti kuwawa.

"Ndimadziwa kuti upeza njira," ankatero. "Ndimadziwa."

Ndinamukhululukira zonse nthawi yomweyo, nsomba ija ndi mauthenga ake ouma. Tinakhala pakhonde tikudya chivwende, mapewa atagundana, ngati kale. Kenako maso ake anagwera pa mphika wabuluu uja, uli pakona chopanda kanthu.

"Ndiye zatha," anatero. "Za mphikawu tiiwale."

"Tiiwale?"

"Mtengo wapulumuka, Chizuru. Ukufunanso chiyani?"

"Munthu anabwera m'nyumba mwanga kudzandiphera ukwati, ine n'kumuperekeza ndikuwerama. Iwe ukuti ndikufunanso chiyani?"

"Amayi akuitana ku Obon, mwambo wokumbukira makolo amene anatisiya. Abale onse adzakhalapo, a Nakazato adzakhalaponso. Ndapota nawe, usadzachite kanthu."

"Ukumuteteza?"

"Sindikuteteza Sawako."

"Nanga ukunjenjemera chiyani? Ukuopa kuti alira? Udzamupatse mpango wako ndiye."

"Pali zinthu zimene ukazifukula sizikwiririka."

Ndinamumwetulira n'kumudulira chivwende china. Mumtima ndinati, mlandu suwola. Ngati anali ndi kachisoni kotsalira ka mnzake wa paubwanayo, anayenera kudzaonerera nawo.

* * *

Tsiku la Obon nyenje zinkalira ngati zalipidwa. Nyumba ya a Oshida inadzaza. Aliyense anafukiza lubani pa kaguwa ka makolo, inenso ndinafukiza pamaso pa chithunzi cha bambo ake a Kaname, kenako tinakhala pansi mozungulira tebulo lalitali. Amuna ambiri patebulopo anali olera mitengo, anthu a zikhato zolimba ndi makosi opsa ndi dzuwa. Kumutu kunakhala amalume ake a Kaname, a Genzo, ndipo pambali pawo panali a Nakazato, bambo ake a Sawako. Sawako mwiniwake ankazungulira ndi tiyi wozizira ngati mwana wa pakhomo.

Ndinadikira mpaka atakhala pansi. Ndinatulutsa kabokosi kaja m'chikwama, ndinagwada bwinobwino, n'kukakankhira patsogolo pake ndi manja awiri. Kaname anaika kapu yake pansi.

"Achemwali, ndachedwa kubweza, mundikhululukire. Ndi kanthu kochepa poyerekeza ndi zimene munandichitira."

"Simukanavutika," anatero Sawako, akuwerama. Anakanyamula kuti akaike kumbuyo, poti mphatso satsegula pamaso pa mwini.

"Tsegulani pompano, ndapota nanu. Ndikufuna akuluakuluwa aone kuti kukoma mtima kwanu sikunapite pachabe."

Sawako anayang'ana Mayi Oshida, koma iwo ankangodzikupiza ndi chokupizira mphepo. Sawako anamasula kachingwe kaja, anatsegula, ndipo kumwetulira kunamuuma pankhope.

A Genzo anasendera. Anatola muzu umodzi, anaufinya, anaununkhiza.

"Uyu anamizidwa," anatero. "Mizu ya momiji iyi. Wachita zimenezi ndani?"

"Ndine, amalume," ndinayankha ndi mawu ofewa kwambiri amene ndili nawo. "Ndi ya mtengo umene amayi anandisungitsa. Ine ndine mlendo pa zimenezi, ndiye achemwaliwa anandimvera chisoni. Anadzivutitsa kubwera mpaka ku Akabane ndi mphika wabuluu wopaka utoto, waukulu ngati beseni, ndi thumba la dothi lakuda. Anati mwana akamakula amamugulira nsapato zazikulupo. Anati ndithire madzi m'mawa ndi madzulo, osaphonya. Ndipo mvula yonse ija ankandikumbutsa pa foni, kuti ndingaiwale."

"Mtengo wofika m'bondo?" anafunsa a Genzo. "Liti?"

"Kumapeto kwa Meyi."

Wina kumapeto kwa tebulo anapumira m'mwamba. A Genzo anatembenukira kwa a Nakazato.

"Achimwene, kusitolo kwanu ndi mmene mumalangizira anthu masiku ano? Tiuzeni, tidziwe kokagula miphika."

A Nakazato anafiira mpaka m'makutu. "Mwana wanga wagulitsa miphika kuyambira ali pasukulu. Kukula kwa mphika amakudziwa ngakhale atatsinzina."

Atatero anazindikira zimene anena. Panalibe kothawira. Akati Sawako sankadziwa, sitolo yanyozeka. Akati ankadziwa, wanyozeka ndi mwana.

Ndikuuzeni zoona, zinandikoma. Zinandikoma kuposa chakudya chilichonse chimene ndinadyapo. Ndinaonerera Sawako atagwira kabokosi kaja, khosi lake likufiira, akazi a patebulopo akuyang'anizana. Ndinawerama mpaka chipumi kutsala pang'ono kugunda pamkeka, monga ndinawerama pamsewu tsiku lija.

"Zikomo kwambiri, achemwali. Mtengo uli moyo. Ndinaubwezera m'kamphika kake, ndipo waphuka."

* * *

Sawako anatseka kabokosiko pang'onopang'ono. Misozi inali m'maso koma sanailole kugwa.

"N'zoona, ndinkadziwa," anatero. "Ndipo ndinkafuna mtengowo ufe. Sindikana."

"Sawako," anatero bambo ake.

"Dikirani, bambo. Munaonapo mphika wabuluu wotero m'sitolo mwathu? Ife sitigulitsa wotero." Anatembenukira kwa ine. "Mwabweza bwino, achemwali, koma mwabwezera wamthenga. Mphika uja unatuluka m'shedi ya nyumba ino. Mufunseni Kaname amene anaunyamula n'kuuika m'galimoto yanga."

Ndinaseka. Ndithu ndinaseka, chifukwa ndinati ndi bodza la munthu womira. Ndinayang'ana Kaname kuti aseke nane. Anali atayang'ana pamkeka.

"Kaname?"

Sanadzutse mutu.

"Kaname, ndikulankhula ndi iwe."

"Ndinaunyamula ndine," anatero.

Mayi Oshida anapinda chokupizira chija n'kuchiika patebulo.

"Ndinautumiza ndine. Mphika umenewo ndi mbali ya mwambo. Apongozi anga ananditumizira womwewo, kudzera mwa mkazi amene ankafuna mwamuna wanga. Nazale siisiyidwa m'manja mwa munthu womvera aliyense wobwera ndi mphatso ndi kumwetulira. Ndipo amaunyamula ndi mwana wamwamuna, kuti tione ngati angasunge pakamwa nyumba ikamulamula."

A Genzo anabweza muzu uja patebulo n'kuyang'ana kunja. Pamenepo ndinaona kuti achikulire ena patebulopo sanadabwe n'komwe.

"Unandiona ndikuthira madzi," ndinamuuza Kaname. Mawu anga sanakwere, ankangotuluka okha. "Unaima pakhonde panga. Ndinalira pamaso pako."

"Ndikananena, amayi akanathetsa zonse tsiku lomwelo. Ndinkateteza ife, Chizuru. Sindinkagona. Ndinakuuza kuti ukafunse kwina."

"Unandiuza kuti mtengo ndi mtengo chabe."

"Ndinkadziwa kuti upambana."

"Nanga mtengo ukanafa?"

Anatambasula dzanja kuti agwire langa, ndipo ndinalibweza pamiyendo panga. Ndinkamukondabe, ndicho chinandipweteka kwambiri. Ndinkafuna kumumenya ndi kapu, ndipo ndinkafunanso kuti anene chilichonse chimene ndingachikhulupirire.

"Mwachita bwino kuupulumutsa," anatero Mayi Oshida. "Ine wanga unatsala ndi nthambi imodzi. Novembala akadali kutali, ndipo mawu anga sindibweza. Masamba akadzafiira, tidzakamba za ukwati. Mwana wanga mayeso ake wapambana kale, anakhala chete mpaka kumapeto. Chatsala n'choti inu mutiuze, Chizuru, ngati mukumufunabe mwamuna wopambana mayeso otere."

Tebulo lonse linandiyang'ana. Sawako, kabokosi kali pamiyendo, anapukuta m'maso ndi chala ndipo anayamba kumwetulira.

Ndinaimirira, ndinawerama kwa Mayi Oshida monga mwa ulemu, n'kutenga chikwama changa.

"Yankho mudzalimva mu Novembala, amayi. Mtengo ndidzabwera nawo ndekha."

Kaname ananditsatira mpaka pakhomo, akutchula dzina langa, koma amayi ake atamuitana kamodzi kuchokera m'nyumba, mapazi ake anaima. Ndinavala nsapato zanga osacheuka. Ndikutsika njira ya pakati pa miphika yawo, chimene chinkandiwawa n'chakuti kabokosi ndinagula kamodzi, pamene anthu oyenera kubwezeredwa anali atatu.